Phale Silitayidwa: Mbiri ya Ziwiya za Pamoto

Mwa zonse zimene makolo anasiya m'nthaka ya dziko lino, chochuluka kuposa china chilichonse ndi mapale. Nyumba zawo zinagwa, nkhokwe zinadyedwa ndi chiswe, nyanda zimene ankavala zinawola, makasu anatha ndi dzimbiri, koma dongo lootchedwa silimva chiswe kapena mvula. Nchifukwa chake akatswiri ofukula zakale akafuna kudziwa amene anakhalapo pamalo, amayamba kufunsa miphika yosweka.

M'zaka za m'ma 1960, Keith Robinson anafukula m'mbali mwa nyanja ku Nkope, m'boma la Mangochi, napeza mapale a alimi osula zitsulo amene anakhala kumeneko zaka zoposa 1,500 zapitazo. Kaumbidwe kameneko mpaka lero kamatchedwa ka Nkope. Pambuyo pake panadza maumbidwe ena, monga a Kapeni, a Mawudzu ndi a Nkhudzi, aliwonse ndi milomo yake ndi mizere yake yolembedwa dongo likadali lofewa. Miphika ya Mawudzu ndiyo imagwirizana ndi nyengo ya ufumu wa Maravi. Pamene Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, likulu la Kalonga pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, anapeza mapale a mtundu umenewu ochuluka zedi, pamodzi ndi mikanda yagalasi, zinthu zamkuwa, minyanga ya njovu, ngakhalenso zidutswa za mbale zochokera ku China. Mudzi umene unkafikiridwa ndi katundu wa kutsidya la nyanja zamchere unkaphikirabe nsima yake m'dongo la m'dambo lapafupi.

Kuumba inali ntchito ya amayi, monga kusula inali ya abambo. Si mayi aliyense ankaumba. M'mudzi munkakhala mmodzi kapena awiri odziwika, ndipo luso linkayenda kuchokera kwa agogo kufika kwa mdzukulu amene ankakhala pambali n'kumaumba timiphika take tamasanje. Woumba ankadziwa dambo kapena chulu chokhala ndi dongo labwino. Ankalikumba, kulinyika, kuliponda mpaka timiyala tonse titachoka, kenako n'kukweza mphika ndi manja okha, popanda gudumu, akusalaza ndi chitsononkho kapena chigoba cha nkhono ndi kukulungiza ndi mwala wosalala wa kumtsinje. Mphika unkauma pamthunzi masiku angapo, popeza dzuwa laukali limaung'amba. Tsiku lootcha, miphika inkaunjikidwa pabwalo n'kuphimbidwa ndi makungwa ndi nkhuni zouma. Ntchitoyi inali ndi miyambo yake ya kudika, ndipo miphika ikasweka pamoto, panali mafunso amene ankafunsidwa motsitsa mawu. Malipiro nthawi zambiri sanali ndalama: wofuna mphika ankaudzaza ndi mapira kapena chimanga, woumba n'kutenga chakudyacho, iye n'kutenga mphika.

Chiwiya chilichonse chinali ndi dzina ndi ntchito yake. Nkhali inali ya nsima ya banja lalikulu, mphika wa ndiwo, mbiya ya mowa ndi thobwa, mkhate wa madzi osamba, mtsuko wa madzi akumwa. Mtsuko umayenera kutchulidwa mwapadera. Dongo lake limalola madzi pang'ono kutuluka ngati thukuta, ndipo thukutalo likamauma limachotsa kutentha, kotero kuti ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi a mumtsuko wa pakona ya nyumba amakhala ozizira ndi kafungo ka dothi kamene okulira kumudzi saiwala. Pansi pa mphikawo mpofunika kukumbukiranso mafuwa. Atatu okha, osachuluka osachepa, chifukwa miyala itatu sigwedeza mphika ngakhale pansi patakhala popendekera.

Mphika ukasweka, ntchito yake sinathere pomwepo. Phale lalikulu linkasanduka chokazingira chimanga, mtedza ndi ngumbi. Lina linkapalira moto kwa anansi m'mamawa, lina kumwetsera nkhuku, lina kuvundikira mphika unzake. Mphika wobooka pansi unkasungidwa kuti uzichezera chidulo. Ngakhale pa imfa ziwiya zinali ndi gawo lake, pakuti m'madera ambiri mphika kapena mbale ya malemu inkabooledwa n'kusiyidwa pamtumbira. Chimene chinkafika kudzala chinali kachidutswa kosagwirika, ndipo nako kanali dothi lobwerera kudothi.

Zimene dongo silinathe kuchita, munda ndi thengo zinkachita. Mbewu imodzi yoyanga pamtengo kapena padenga la nkhokwe inkabala chikho chotungira madzi, chipanda chomwera mowa ndi nsupa yosungiramo mafuta a nsatsi kapena mankhwala, malinga ndi mawumbidwe a chipatsocho. Chipanda chikang'aluka ankachisoka. Abambo ankaluka lichero, nsengwa ndi dengu ndi nsungwi, nasema mthiko, chipande, mtondo ndi munsi. Chimanga chisanafike kuchokera ku America kudzera mwa Apwitikizi, mapira ndi mawere ndizo zinali nsima ya tsiku ndi tsiku, ndipo mphero imodzi inkatha kupera ufa wa mibadwo ingapo mpaka mwalawo kukumbika pakati.

Koma nzeru yoposa zonse inali m'chikwatu. M'nyengo ya dzinja, masamba akachuluka, amayi ankathyola nkhwani, khwanya, chitambe ndi bowa, kuzifutsa pang'ono ndi kuziyanika padzuwa. Mfutso ukauma ankaukulunga m'masamba akuluakulu a msuku, kuumanga ndi luzi, n'kuupachika pamwamba pa moto pamene utsi unkathamangitsa tizilombo. Chilimwe chikafika, thengo litapsa, banja linkamasula chikwatu n'kudya ndiwo za mwezi wa Febuluwale. Chokulungiracho chinkathera pamoto kapena m'dimba. Phulusa nalo silinali chinyalala: la zitsononkho ndi mapesi linkapereka chidulo chofewetsera thelele ndi chigwada, lotsala n'kutsukira ziwiya kapena kuthira m'mbewu zosungidwa. Gaga ankapita kwa nkhuku, ndipo chaka cha njala ankabwerera mumphika wa anthu. Nsima yogona inali mkute wa ana m'mawa, nkhoko za pansi pa nkhali zinali ndi eni ake ozidikira.

Kusintha kunalowera m'sitolo. Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani imene inadzadziwika kuti African Lakes, yoyendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Anthu anaitcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso a John, ndipo nyumba yake ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, ilipo mpaka lero. M'mbuyo mwa Mandala munadza masitolo a amwenye amene anafika mpaka m'timisika ta kumidzi. Msonkho wa nyumba, umene boma la atsamunda linayamba kutolera m'zaka za m'ma 1890, unakakamiza amuna kufunafuna ndalama m'minda ya azungu, ku Salisbury ndi kumigodi ya ku Joni. Wobwera ku Wenela ankatsika ndi sutikesi ndi bulangete, komanso sefuliya, ketulo ndi mbale zachitsulo zamaluwa, zimene mkazi wake ankaziyanika pathandala pamene mudzi wonse ungazione. Kenako chigayo chinalanda mtondo ntchito yaikulu, soda wa m'sitolo n'kulowa m'malo mwa chidulo.

Kungakhale kunama kunena kuti amayi ananyengedwa. Mtsuko wodzaza madzi ndi wolemera, ndipo mwana akapunthwa nawo panjira ya kuchitsime, madzi ndi mtsuko womwe zimatayika. Poto wachitsulo amawira msanga, sasweka akagwa, sasowa kumudikira milungu kuti aume. Amene anakonola chimanga mbandakucha uliwonse sanalire pamene chigayo chinafika. Ndiponso chitsulo chinalowa bwino m'khalidwe lakale losataya: poto akabooka ankapita kwa wokhoma zidebe, chitini cha mafuta chinkasanduka koloboyi kapena muyezo wa pamsika, ndowa yotha inkakhala mbaula.

Chimene chinathyola mwambowo ndi jumbo. Pepala lapulasitiki lopyapyala linali chiwiya choyamba kulowa m'nyumba chopangidwira kugwira ntchito kamodzi kokha. Linafika ngati chaulere, lopepuka, losadontha, n'kuchotsa dengu pamutu wa wopita kumsika. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Jumbo saola ngati tsamba la msuku, sakazingira mtedza ngati phale. Amatseka ngalande, amaunjikana mumtsinje wa Mudi ku Blantyre, amapezeka m'mimba mwa mbuzi ndi ng'ombe, ndipo amayi ena amakolezera moto, utsi wake n'kumapumidwa ndi mwana ali kumsana. Mu 2015 boma la Malawi linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60. Makampani opanga mapepalawa anathamangira kubwalo la milandu ndipo chiletsocho chinaimitsidwa, kufikira mu Julaye 2019 pamene bwalo lalikulu la Supreme Court linagamula kuti lamulolo liyenera kugwira ntchito. Ngakhale pambuyo pa chigamulocho milandu inapitirira zaka zina. Gloria Majiga-Kamoto, mmodzi mwa amene anatsogolera nkhondo imeneyi, analandira mphoto ya Goldman mu 2021. Chodabwitsa n'chakuti pofunafuna cholowa m'malo mwa jumbo, zimene zinatchulidwa kwambiri ndi dengu, thumba lansalu ndi chikwama cha mlaza, zinthu zimene agogo aliyense akadazitchula popanda kupita kukhoti.

Dongo nalo labwerera pamoto mwa njira ina. Chitetezo Mbaula, imene magulu a amayi amaumba ndi kuotcha m'midzi yambiri, imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa ndipo imachepetsa utsi. Mu 2013 boma linadziikira cholinga choti mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo linagwa m'manja ozolowera dongo. Maonekedwe ake ndi atsopano, koma kusankha dothi, kuliponda ndi kudziwa pamene lauma ndi maphunziro omwe aja a ku Mankhamba.

Vuto lagona pa oumba ndi pa thengo. Odziwa kukweza nkhali yaikulu popanda kupendekera ambiri ndi okalamba, ndipo adzukulu awo ali kusukulu kapena m'tauni. Misuku imene inkapereka masamba a chikwatu ikuthera m'mauvuni a makala, nsungwi zikusowa m'mphepete mwa mitsinje, mtengo wokwanira kusemamo mtondo ngwofuna ulendo. Pa chinkhoswe, a kuchimuna ndi a kuchikazi amapatsanabe lichero, mthiko, chipande ndi tsache pamaso pa anthu, ankhoswe akufotokoza ntchito ya chilichonse. M'midzi ina ziwiya zimenezo zimagulidwabe kwa mmisiri wa pamudzi pomwepo. M'midzi ina wotumidwa amakwera minibasi kukazifuna kumsika wa kuboma, n'kubwera nazo zitakulungidwa m'jumbo.