Point Wild: Dzina la Munthu Amene Anatsala

Inu ana a ku Kapichi mukuchidziwa chiperoni cha mu Juni, chija chimalowa m'mafupa mukamadutsa m'minda ya tiyi m'mamawa. Miyezi yomweyo, kufupi ndi Antarctica nyanja yeniyeniyo imaundana. Kumeneko kuli chilumba cha Elephant Island, ndipo pachilumbapo pali kamtunda kamiyala kolowa m'madzi kotchedwa Point Wild.

Mu Novembala 1915, chombo cha Endurance chinamira m'nyanja ya Weddell chitaphwanyidwa ndi madzi oundana. Amuna 28 a m'chombocho, mtsogoleri wawo Ernest Shackleton, anafika pachilumbachi ndi maboti atatu mu Epulo 1916. Pamene anakocheza poyamba panali poopsa, mafunde akanatha kuwakokolola. Frank Wild, wachiwiri kwa Shackleton, anatenga boti kukafufuza gombe, napeza kamtundako. Anzake anakatcha Cape Wild.

Pa 24 Epulo, Shackleton ndi amuna asanu anauyamba ulendo wa makilomita pafupifupi 1,300 kukafuna thandizo ku South Georgia. Ulendowu ndi umene anthu ambiri amausimba, koma ine mtima wanga uli kwa amene anatsala. Wild anasunga amuna 21 kwa miyezi yopitirira inayi. Anavundikira maboti awiri pamwamba pa mpanda wa miyala, ikhale nyumba. Chakudya chinali nyama ya seal ndi mbalame za penguin, mafuta ake ndiwo nkhuni ndi nyale. Zala zakuphazi za mnyamata Perce Blackborow zitafa ndi chisanu, madokotala James McIlroy ndi Alexander Macklin anazidula pansi pa maboti omwewo. Koma nyanja ikangotseguka, Wild ankauza anzake kuti amange katundu, bwana akhoza kufika lero. Pa 30 Ogasiti 1916 anafikadi, pa kachombo ka ku Chile ka Yelcho, ndipo anapeza onse ali moyo.

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, Wild ndi McIlroy anabwera kudzalima kuno kwathu, nthawiyo kukutchedwa Nyasaland. Wild anamwalira ku Klerksdorp, ku South Africa, mu 1939.

Dzina lakale la kamtunda kaja linasinthidwa kukhala Point Wild chifukwa ku Antarctica kunali kale Cape Wild wina, amene gulu la Douglas Mawson linamutcha polemekeza Wild yemweyu.