Ndi ca Boma, Inde, Koma Makiyi Ali ndi Ndani?

Mukakwera minibasi yopita ku Matero, kondakitala sangakuuzeni kuti komboni imeneyi ili m'mabuku a mbiri ya cuma ca dziko lino. Pa 11 August 1969 akuluakulu a cipani ca UNIP anasonkhana mu holo ya ku Matero, ndipo a Kenneth Kaunda anaimirira n'kulengeza kuti boma lifuna magawo 51 pa 100 alionse a migodi ya mkuwa. Eni ake anali awiri: Anglo American ya ku South Africa, ndi Roan Selection Trust imene ndalama zake zambiri zinali za ku America. Pofika pa 1 January 1970, migodi inali ya boma.

Mau akuti "ca boma" timawakamba mosavuta. Malaiti ndi a boma, sitima ndi ya boma, positi ndi ya boma. Koma khalani pansi ambuya amene anagwirako nchito ku positi ndi amalume amene anali kulowa pansi ku Nchanga, mudzamva kuti boma limene linali kuwalipira silinali limodzi. Kusiyana kwake kumaoneka mukafunsa kuti amasankha bwana ndani, ndalama zikalowa zipita m'thumba liti, ndipo zinthu zikavuta ndani ali ndi mphamvu yogulitsa kapena kutseka.

Positi ndiyo ingatithandize kuona bwino, cifukwa inavalako malaya onse. Pa nthawi ya ufulu mu 1964 inali dipatimenti cabe ya boma, pansi pa nduna. Wogulitsa masitampa anali wanchito wa boma monga kalaliki wa kwa DC. Ndalama ya sitampa sinali kukhala ku positi, inali kupita m'thumba lalikulu la boma, ndipo njinga ya mesenjala ikathyoka anali kuyembekeza bajeti. Ubwino wake unali wakuti aphungu a Nyumba ya Malamulo anali kutha kufunsa nduna za ngwee iliyonse. Kuipa kwake mukudziwa kale ngati munaimapo pa mzere wa ofesi ya boma.

Mu 1975 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa PTC, bungwe loona za makalata ndi mafoni. Uwu ndi mtundu waciwiri. Bungwe lotere limabadwa ndi lamulo lakelake, limakhala ndi bodi yake ndi akaunti yake ku banki, lingakongole ndalama, lingasumire munthu ku khoti ndipo nalonso lingasumiridwe. Koma lilibe masheya. Palibe cimene mungagule mwa ilo, ndipo cimene lamulo linabala, lamulo lokha ndilo lingaphe. Mu 1994 PTC inagawidwa pawiri. Zampost inatsala bungwe la lamulo, pamene Zamtel inakhala kampani ya masheya, mtundu wacitatu. Zotsatira zake zinaoneka mu 2010, pamene magawo 75 pa 100 a Zamtel anagulitsidwa kwa LAP Green ya ku Libya, ndipo mu January 2012 boma la a Michael Sata linawalandanso. Sheya ndi katundu, ingacoke m'manja a uyu kupita kwa uyo pa tebulo limodzi.

Mabungwe ena a lamulo sanapangidwe n'colinga cakuti apeze phindu. NAMBOARD, imene inayamba mu 1969, nchito yake inali kugula cimanga kwa alimi ndi kuwafikitsira fetelaiza. M'kupita kwa nthawi mtengo wa thumba unakhala umodzi dziko lonse, kaya mlimi ali ku Mazabuka pafupi ndi njanji, kaya ali ku Lundazi kumene lole imafika italema. Munthu wa bizinesi sangacite zimenezo. Boma linacita dala, ndipo ndalama zotayika linali kulipira lokha mpaka pamene NAMBOARD inathetsedwa mu 1989. Amene amakamba kuti bungwe limeneli linalephera cifukwa silinapange phindu, ali ngati munthu wokalipira kiliniki kuti siigulitsa mowa. Linali ndi zolakwa zina zenizeni, monga cimanga covunda ndi mvula m'madepoti.

Manje tibwerere ku 51 uja. Nkhani yake inayambira ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe, mu April 1968. Kumeneko a Kaunda anachula makampani oposa 20 a mashopu, mowa, zomangira nyumba ndi zamtengatenga, n'kuwapempha kuti agulitse magawo 51 ku boma. Linali pempho la mtundu umene munthu sakana. Masheyawo anapita ku INDECO, kampani ya boma imene inali kutsogoleredwa ndi a Andrew Sardanis, wamalonda wobadwira ku Cyprus amene anali kumbali ya omenyera ufulu.

Nzeru ya 51 ndi yokoma, tisaname. Sugula nyumba yonse, ugula cabe mbali yokwanira kuti pa voti upambane ndiwe. Mwini wakale atsala ndi 49, ndiye sangathawe kapena kuononga makina, cifukwa ndalama zake zikali momwemo. Pa migodi boma silinatulutse ngakhale ndalama pa tsikulo. Linapereka mapepala a nkhongole, kuti lizilipira pang'onopang'ono kucokera ku phindu la mkuwa womwewo. Mbali ya Anglo inachedwa Nchanga Consolidated Copper Mines, ya Roan Selection Trust inachedwa Roan Consolidated Mines.

Koma m'mapangano amenewo munali mfundo imene anthu oimba ndi kuvina ku Matero sanaimve. Eni akale anatsala ndi nchito yoyendetsa migodi ndi kugulitsa mkuwa kunja, ndipo anali kulipidwa pa nchitoyo. Iwo ndiwo anali kudziwa kumene mwala uli, mtengo wa makina, ndi makasitomala a ku London. Pa nthawi ya ufulu dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 100 cabe amene anatsiriza yunivesiti, conco boma linalibe mainjiniya ake oti alowe m'malo. Dzina pa geti linali lathu, makiyi anali m'thumba la wina. Mu 1973 a Kaunda anatopa nazo. Analipira nkhongole yonse nthawi isanakwane kuti athetse mapanganowo, ndipo zina mwa ndalamazo zinali zokongola kunja. Tsoka lake, mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo sunadzukenso bwino kwa zaka zambiri.

Pamwamba pa makampani onsewa panaikidwa kampani ina, ZIMCO, imene inali ngati nakubala wa onse. Pansi pake panali INDECO ya mafakitale, MINDECO ya migodi, ndi FINDECO ya zandalama. Nyumba yaitali ija ya pa Cairo Road inatenga dzina kwa FINDECO, ngakhale kuti mabanki akuluakulu amene inali kufuna kumeza, Barclays, Standard ndi Grindlays, anapulumuka. M'banja limeneli munali njinga za ku Chipata, mabatire a ku Mansa, magalasi a ku Kapiri Mposhi, zinanazi za ku Mwinilunga, magalimoto a Fiat omangidwa ku Livingstone, ndi mashopu a ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni kumene makolo athu anali kufola kuti agule sopo ndi saladi.

M'mabuku, kampani ya masheya ndiyo iyenera kukhala patali kwambiri ndi andale. Nduna siilamulira tsiku ndi tsiku, ndipo aphungu saiona pafupi monga amaonera dipatimenti. Koma wapampando wa ZIMCO anali Pulezidenti mwiniwake, ndipo kuyambira mu 1973 cipani cinali cimodzi. Conco ufulu umene makampaniwa anapatsidwa unangowacotsa pamaso pa Nyumba ya Malamulo, sunawacotse m'manja a State House. Ine ndiona kuti apa ndiye panali bala lalikulu, kuposa nkhani yakuti boma lizicita malonda kapena ai. Mitengo inali kuikidwa ndi boma, mamanijala anali kusinthidwa pa wailesi, ndipo kampani yopanga phindu inali kunyamula inzake yodwala.

Mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Boma linali ndi magawo 60 ndi pang'ono, Anglo inatsala ndi 27. Papepala inali kampani monga ina iliyonse, koma ku Kitwe, Mufulira ndi Chingola inali boma lenileni. Inali ndi zipatala, masukulu, nyumba, madzi, ndipo ngakhale babu ikapsa m'nyumba ya mgodi anali kubwera kudzasintha. Matimu a bola monga Nkana, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers anali kudya m'mbale yomweyo. Zonsezi zinali zabwino kwa ana amene anakuliramo, koma makina pansi anali kukalamba popanda wowagulira atsopano. Mkuwa umene unali kupitirira matani 700,000 pa caka ca m'ma 1970, pofika mu 2000 unatsikira pafupi ndi 250,000.

Palinso mitundu ina imene sitiiganizira. TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yocokera ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, ili ndi eni awiri, boma la Zambia ndi la Tanzania, ndipo palibe mmodzi angaigulitse yekha. Kampani ya madzi ya mu Lusaka, imene kiyosiki yake mumatungako m'mawa, masheya ake ali ndi makhansolo.

Kusiyana kwa mitundu yonseyi kunaonekera bwino pa maliro. Boma la MMD litalowa mu 1991, caka cotsatira linapanga lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo ogulitsika msanga anali aja a masheya. Ena analibe wowagula. Zambia Airways inatsekedwa mu December 1994, ZIMCO ndi mabasi a UBZ zinatsatira mu 1995, ndipo minibasi imene mwakwera ija inadzaza malo amene UBZ inasiya. Shoprite inalowa m'nyumba zina za mashopu a boma. Mgodi wa Luanshya unagulitsidwa mu 1997 kwa gulu la Binani, limene linagwa patapita zaka zocepa n'kusiya tauni yonse ili manja m'khosi. Ogula migodi anafuna mkuwa. Udindo wonse uja wa manyumba, madzi ndi misewu sunali pa mtima pao.

ZCCM sinafe yonse. Inasanduka ZCCM-IH, kampani imene nchito yake yaikulu ndi kusunga magawo ocepa a boma m'migodi ya anthu ena, ndipo masheya ake ena amagulitsidwa pa msika wa masheya wa mu Lusaka, moti ngakhale inu mungagule. Mu 2014 boma linapanganso nakubala wina, IDC, kuti asunge makampani monga ZESCO, Zamtel ndi Zambia Railways. Lamulo la pampando silinasinthe: wokhalapo anali Pulezidenti.

Mu 2021 ZCCM-IH inagula magawo onse otsala a mgodi wa Mopani kwa Glencore pa dola imodzi, n'kusenza nkhongole ya madola 1.5 biliyoni. Kuuyendetsa kunafuna ndalama zimene boma linalibe, ndiye linayamba kufuna mnzake. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inalowa. Iyo inatenga magawo 51, ndipo ZCCM-IH inatsala ndi 49.