Gogodela, .303 ndi AK: zimene zinasintha m'chigwa cha Luangwa

Ambiri a ife okulira mu Lusaka tinayamba kumva liwu lakuti chipolopolo ku mpira, osati ku mfuti. Koma tikapita kumudzi ku Petauke kapena ku Lundazi, tipezabe agogo amene akumbukira gogodela yokolekedwa kudenga, yakuda ndi utsi wa m'nyumba.

Gogodela inalowa kuno ndi malonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, m'manja mwa Achikunda ochokera ku Zambezi ndi Aswahili ochokera kunyanja. Kuti ilire kamodzi panali nchito. Mlenje amathira onga kukamwa kwa mfuti, kutsendera kansanza, kuikamo chipolopolo, nthawi zina kachidutswa chabe ka chitsulo, ndi kugogoda zonsezo ndi kamtengo. Mvula ikanyowetsa onga, basi, wanyamula ndodo. Akaphonya njovu analibe mpata wachiwiri, motero amafunika kuyandikira pafupi kwambiri, kudziwa kumene mphepo ikuchokera, ndiponso kudziwiratu mtengo wokwera zikavuta. Alenje a njovu amalemekezedwa kaamba ka zimenezi.

Azungu anafuna kuti tikhalire pa gogodela yomweyo. Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu a m'dera lalikulu la Africa. Pamene asilikali a Britain anagonjetsa Angoni a Mpezeni mu January 1898, iwo anali ndi mfuti za Maxim, Angoni ambiri ali ndi nthungo ndi zishango.

Kenako kunabwera Lee-Enfield .303, imene Britain anayamba kugwiritsa nchito mu 1895. Iyi imanyamula zipolopolo 10, ndipo ukaombera umakoka kachitsulo ka pambali ndi dzanja kuti china chilowe. Msilikali wophunzitsidwa bwino amayembekezeka kulasa ka 15 pa mphindi imodzi. Ndiyo mfuti imene azigogo athu a mu Northern Rhodesia Regiment ananyamula ku East Africa ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kulimba kwake musakayike: ma Canadian Rangers anaisungabe mpaka cha m'ma 2018, ndipo ku Britain, Canada ndi America kuli anthu amene amaigula ndi kukaombera pa mabwalo ovomerezeka. Iwo amakonda thabwa lake, kulemera kwake, ndi kuti kuombera kulikonse kumafuna kuti uyambe waganiza.

Ife kuno sitingakambe za mfuti yamakono ngati choseweretsa cha pa Sabata. AK-47 ya Mikhail Kalashnikov imanyamula zipolopolo 30 ndipo ingazithe zonse m'masekondi atatu. Nkhondo za ku Angola, Mozambique ndi Rhodesia zinadzaza mfuti zotere m'malire athu, mtengo wa minyanga uli kukwera. Gogodela imagwetsa njovu imodzi, zinzake n'kuthawa. AK imatha kugwetsa banja lonse pamalo amodzi, ngakhale m'manja mwa munthu wosadziwa kutsata mapazi a nyama. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 njovu za ku Luangwa zinachepa koopsa, ndipo mu 1998 zinalengezedwa kuti chipembere chakuda chatheratu m'Zambia. Zimene zili ku North Luangwa lero zinayamba kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa mu 2003.

Sitikuyeretsa gogodela ayi. Inagwira akapolo, ndipo mpaka lero opha nyama mozemba amaisula okha kumidzi. Yopanda laisensi, kaya ndi ya agogo kaya ili ndi dzimbiri, apolisi akaipeza m'nyumba ndi mlandu pansi pa Firearms Act.