Mpikisano wa pachaka wa zolemba m'ziyankhulo za mu Africa ndi mphotho ya buku la Nthondo

Bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, lomwe lidakhazikitsidwa mumzinda wa London m'chaka cha 1926, lidali ndi mpikisano wa pachaka wopereka mphotho kwa Aafirika olemba bwino m'ziyankhulo zawo. Mpikisanowu ndi umodzi mwa zinthu zomwe zidathandiza kuti Chichewa chikhale chiyankhulo cholembedwa ndi eni ake.

Wapampando woyamba wa bungweli adali Lord Lugard, ndipo mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa ntchito zake adali katswiri wa ziyankhulo wa ku Germany, Diedrich Westermann. M'chaka cha 1927 bungweli lidatulutsa kabuku ka malangizo a kalembedwe ka ziyankhulo za mu Africa, ndipo m'chaka cha 1928 lidayamba kusindikiza magazini ya kafukufuku yotchedwa Africa. Pa mpikisano, bungweli linkasankha ziyankhulo zingapo chaka chilichonse ndi kuitana anthu kuti atumize zolemba zawo. Cholinga chidali chakuti m'sukulu mupezeke mabuku olembedwa ndi eni chiyankhulo, osati omasuliridwa kuchokera ku Chingerezi okha.

Mmalawi wodziwika kwambiri yemwe adapata mphothoyi ndi Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, yemwe adabadwa m'chaka cha 1905 ndi kumwalira m'chaka cha 1976. Mishoniyi idayambira ku Mvera m'boma la Dowa m'chaka cha 1889, idatsegula Kongwe m'chaka cha 1894, ndipo pambuyo pake likulu lake lidasamukira ku Nkhoma. Sukulu zake ndi zomwe zidafalitsa kulemba ndi kuwerenga Chichewa m'madera a Dowa ndi Ntchisi.

Buku la Nthara, lotchedwa Nthondo, lidasindikizidwa m'chaka cha 1933. Limafotokoza moyo wa munthu wa m'mudzi wa Achewa kuyambira kubadwa kwake mpaka pamene adalowa ufumu ndi kutembenukira ku Chikhristu. M'busa T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi ndipo lidatuluka m'chaka cha 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Nthara adalembanso Mbiri ya Achewa.

Zolemba za Amalawi ena atatu, John Kambalame, E. P. Chidzalo ndi J. W. M. Chadangalara, zomwe zidatumizidwa ku mpikisano womwewu m'zaka za 1943 ndi 1944, zidamasuliridwa ndi Young pamodzi ndi Dr Hastings Kamuzu Banda. Zidasindikizidwa m'chaka cha 1946 m'buku la Our African Way of Life.

Dziko litalandira ufulu, ntchito yosamalira chiyankhulo idakhala m'manja mwa boma. Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. M'chaka cha 1996 ntchitoyi idapita ku Centre for Language Studies, nthambi ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, yomwe idapatsidwa udindo wofufuza ziyankhulo zonse za m'dziko muno. Nthambiyi ndi yomwe idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000.