Dotolo Fletcher ndi Befu la Anthu Osuta Fodya

M'caka ca 1945 Dotolo Charles Fletcher anapita ku Wales kukatsogolera nchito yofufuza nthenda ya pfumbi imene inali kuononga mapapu a anthu okumba malasha. Pofuna kudziwa mphamvu zimene zatsala mwa wodwala, iye anakonza mafunso apafupi. Kodi munthuyo acita befu pokwera kaphiri? Kodi anzace a msinkhu umodzi amsiya m'mbuyo poyenda panjira yosalala? Kodi ayamba waima kuti apume? Mafunsowo anawakonzanso pambuyo pace, ndipo madotolo awagwiritsabe nchito.

Atabwerera ku London, Fletcher anatembenukira ku fodya. Kuyambira 1961, kwa zaka 8, anapima amuna anchito 792 a zaka 30 kufikira 59. Miyezi isanu ndi umodzi iri yonse munthu ali yense anauzira m'cipangizo coyesa mpweya umene aturutsa pa sekondi imodzi. Zimene anapeza anazilemba pamodzi ndi Richard Peto mu 1977.

Mapapu a munthu ali yense afooka pang'onopang'ono ndi ukalamba. Koma mwa osuta ena afooka msanga koposa, ndipo coipa cace ncakuti mwiniyo sazindikira. Ati ndi kukula cabe, kufikira tsiku limene njinga imkanika pacitunda. Amene analeka fodya sanabwezeredwe mpweya umene unatayika kale. Mau amenewa ngowawa, koma ngoona. Cimene cinasintha ndi liwiro la kuonongekako, pakuti mapapu ao anayamba kukalamba monga a munthu wosasuta.

Ku America ndi Canada anayesanso nkhaniyi kuyambira 1986, pa osuta 5,887 a zaka 35 kufikira 60. Amene analekeratu anapezako mpweya pang'ono m'caka coyamba, ndipo pambuyo pace anataya theka lokha la mpweya umene anzao osutabe anali kutaya caka ndi caka.

Pali phindu lina limene silicedwa. Mu utsi wa fodya muli mpweya woipa wochedwa carbon monoxide, umene ukanirira m'mwazi ndi kulanda malo a mpweya wabwino wopita ku minofu. Munthu akaleka kusuta, mpweya woipawo ucoka m'tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale cifuwa cace cikali kutsokomola.