Kuphunzitsa Ana Mbiri Yoona m'Sukulu za ku Ntcheu

Phunziro la mbiri yakale, limene m'sukulu za pulayimale za m'Malawi limalowa mkati mwa maphunziro a za chikhalidwe cha anthu, ndipo ku sekondale limaima palokha ngati phunziro losankha, ndilo njira imene dziko limauzira ana ake kumene makolo awo anachokera, zimene anachita, ndi zimene anachitiridwa. Silabasi yake imakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso ake amachokera ku bungwe la MANEB ku Zomba. Koma mwana wa ku Ntcheu, asanatsegule n'komwe buku, amakhala atamva kale mbiri ina pabwalo la mfumu, pamaliro, kutchalitchi ndi kwa agogo ake, kotero kuti udindo wa mphunzitsi ndiwo kukumanitsa mbiri ziwirizi popanda kunamiza mwanayo, ndiponso popanda kusiya kunja makolo a mwana aliyense amene wakhala m'kalasimo.

Boma la Ntcheu ndi limodzi mwa malo amene udindo umenewu umalemera koposa, pakuti mbiri yake inayamba ndi kugonjetsana. Angoni a kwa Maseko, amene anachoka kummwera kwa Africa m'masiku a nkhondo za Shaka, anaoloka Zambezi nakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, motsogozedwa ndi Mputa. Ndipo Mputayo ataphedwa, Chidyaonga anawabweza nawakhazika kuphiri la Domwe, m'dera la Angonia ku Mozambique, cha m'ma 1870. Chikuse, amene analamula pambuyo pake, anamwalira mu 1891, chaka chomwecho chimene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire amene anadula dziko la Angoniwo pakati. N'chifukwa chake kufikira lero munthu woyenda pamsewu waukulu pa Lizulu amaona Malawi mbali imodzi ndi Mozambique mbali inayo, pamene anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale. Gomani, mwana wa Chikuse, anamenyana ndi Kachindamoto polimbirana ufumu, ndipo atakana kuti anthu ake azikhoma msonkho ndi kugwira ntchito kwa Azungu, asilikali a boma la atsamunda anamugwira namuwombera pa 27 October 1896 kufupi ndi Dombole.

Nkhani imeneyi ana amaikonda, ndipo ayenera kuimva ndithu, chifukwa ndi yoona. Komabe ili ndi mbali ina imene kawirikawiri imanenedwa motsitsa mawu. Dziko limene Angoni anafikamo linali ndi eni ake, Achewa, Antumba ndi Amang'anja, amene midzi yawo inatenthedwa, nkhokwe zawo zinalandidwa, ndipo ambiri a iwo anathawira kumapiri ndi m'malinga, pamene ena anatengedwa ukapolo, anyamata nasanduka ankhondo a mfumu, atsikana nasanduka akazi a m'midzi ya Angoni. Mwa akazi ogwidwawa ndimo munabadwa unyinji wa anthu amene lero amadzitcha Angoni a ku Ntcheu, ndipo umboni wake uli pakamwa pa mwana aliyense: Chingoni chinatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'mawu olemekeza mafumu, koma chilankhulo cha pakhomo ndi Chichewa, chimene ana anayamwira kwa amayi awo. Motero m'kalasi limodzi mumakhala Maseko ndi Ngozo pamodzi ndi Phiri, Banda ndi Mbewe, ndipo nthawi zambiri mwana mmodzi yemweyo ali mdzukulu wa wonyamula chishango ndiponso wa womangidwa chingwe. Mphunzitsi amene atamanda nthungo yokha waphunzitsa mwanayo kuiwala theka la makolo ake. Amene adzudzula Angoni okha, osanena za nzeru za ulamuliro wawo, za kaleredwe kawo ka ana ndi za mafumu awo amene anafera anthu, naye wachita chimodzimodzi.

Kubisa mbali ina ya mbiri si chinthu cha lero ayi. M'masiku a atsamunda sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ndipo Ntcheu inali nawo ochuluka: a Zambezi Industrial Mission ku Dombole, Ntonda ndi Chiole, a Dutch Reformed ku Mlanda, mishoni ya ku Gowa, ndi ansembe a Montfort amene anakhazikitsa mishoni ya Katolika ku Nzama mu 1901. Sukulu zimenezi zinaphunzitsa anthu kuwerenga, ndipo pa ichi ziyenera kuthokozedwa. Koma mbiri imene inkamveka m'menemo inkayamba ndi kufika kwa David Livingstone kunyanja mu 1859, ngati kuti chisanafike chakacho m'dziko muno munali mdima wokhawokha. Anthu a m'dziko muno anayesa kuwongola zimenezi: Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa, K.D. Philip analemba Onani Angoni, ndipo D.D. Phiri anatulutsa buku la moyo wa Inkosi Gomani II mu 1973. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anasunga zambiri zamtengo wapatali, ngakhale kuti maso ake anali makamaka pa mabanja achifumu.

Ufulu utabwera pa 6 July 1964, choletsa chinangosintha nkhope. Nduna zitasemphana ndi Dr. Kamuzu Banda m'chaka chomwecho, mayina a Henry Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza, amene anamenyera nawo ufuluwo, anakhala oopsa kutchula, ndipo lamulo lounika mabuku la mu 1968 linapatsa boma mphamvu yoletsa buku lililonse. Ntcheu inalawa nayo mbali ya masiku amenewo mwa Albert Muwalo Nqumayo, mwana wa m'bomali, amene anali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress, munthu woopedwa m'masiku amene anthu ambiri ankatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, amenenso iye mwini anamangidwa mu 1976 napachikidwa mu 1977 pa mlandu woukira boma. Nkhani yotere ndiyo imayesa mtima wa mphunzitsi, pakuti munthu mmodzi yemweyo anachititsa ena mantha ndipo iyenso anadyedwa ndi ulamuliro umene anautumikira, ndipo abale a mbali zonse ziwiri akali moyo. Akuluakulu anati mlandu suwola. Chimene sukulu yakana kunena mwaulemu, ana adzachimva kumsika chitapotozedwa.

Mbiri yophatikiza onse imafunanso kuti dzina la mfumu lisaphimbe anthu wamba. Ana amadziwa John Chilembwe chifukwa cha tsiku lake la pa 15 January, koma ndi ochepa amene anamva kuti kuukira kwa mu 1915 kunali ndi nthambi ku Ntcheu konkuno, motsogozedwa ndi Filipo Chinyama, amene anafuna kulanda boma la Ntcheu, nalephera, naphedwa. Amamva za Inkosi Philip Gomani II, amene mu 1953 anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, nachotsedwa paufumu, nathawira ku Angonia pamodzi ndi m'busa Michael Scott, nabwezedwa ndi Apwitikizi, namwalira kuchipatala cha Malamulo mu 1954. Koma ayeneranso kumva za alimi amene ankalipitsidwa chifukwa cha mizere, za amuna amene anatengedwa tengatenga pankhondo ya 1914, za amayi amene anasunga ana m'njala ya 1949, ndi za othawa nkhondo a ku Mozambique amene anadzaza midzi ya m'malire kuchokera m'ma 1986, nagawiridwa malo ndi madzi ndi anthu amene nawonso anali osauka.

Kaphunzitsidwe kake sikafuna chuma chambiri. Mphunzitsi akhoza kutuma ana kuti akafunse agogo awo kumene mfunda wawo unachokera, ndipo akabwera nazo nkhanizo, aziike pambali pa zimene buku likunena, nafunse kalasi lonse kuti ananena ichi ndani, anachiona yekha kapena anachimva, ndipo ndani amene m'nkhaniyi sanapatsidwe mpata wolankhula. Pamene nkhani ziwiri zatsutsana, asafulumire kupha imodzi, koma aphunzitse ana kuyeza umboni monga amachitira akuluakulu pabwalo la milandu, kumene palibe agamula asanamve mbali zonse. Manda a Gomani Chikuse, mishoni ya Nzama, ndi mwambo wa Umhlangano wa Maseko umene umachitika chaka ndi chaka ku Nkolimbo, zonsezi zili pafupi ndi sukulu zambiri za m'bomali. Ana aang'ono sayenera kulongosoleredwa nkhanza zonse, koma sayeneranso kuuzidwa bodza loti adzalivule akakula. Ndipo palibe mwana woyenera kulozedwa chala ngati kapolo kapena ngati wakupha chifukwa cha mfunda wake.

Zovuta zilipo, ndipo n'zodziwika: chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi anadzaza koposa, mabuku ndi ochepa, mayeso amalembedwa m'Chingerezi pamene mbiri ya pamudzi imakambidwa m'Chichewa, ndipo mphunzitsi wobwera amaopa kukhudza nkhani za ufumu. Apa ndipo mafumu, makomiti a sukulu ndi mipingo ayenera kumuchirikiza, kuti alankhule zoona mosaopa. Anthu amene anali ana a zaka khumi pamene Inkosi Gomani II ankachotsedwa paufumu mu 1953 tsopano apitirira zaka 80. Aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Ntcheu awaitane m'makalasi akali ndi mphamvu, amuna ndi akazi omwe, a kubanja lachifumu ndi a kumidzi wamba, ndipo zimene anene zilembedwe.