N!xau, mkulu wa botolo la Coca-Cola uja

Ambirife dzina lake sitilidziwa n'komwe. Timangoti “mkulu wa botolo la Coca-Cola uja”. Anali N!xau ǂToma, wa mtundu wa Ju/'hoansi, wa ku Tsumkwe kumpoto chakum'mawa kwa Namibia. Ndiye adasewera ngati Xi mufilimu ya Jamie Uys ya mu 1980, The Gods Must Be Crazy, yomwe idaseketsa anthu m'mavidiyo sho kuno kwathu mpaka nthiti kuwawa.

Nkhani yake mukuidziwa. Botolo lagwa kuchokera m'ndege, abale omwe sadziwa zoti ichi n'changa ayamba kulimbirana, Xi n'kunyamuka kukalitaya kumathero a dziko.

Chomwe chimandisowetsa mtendere ine ndi zimene filimuyi idabisa. Nthawi imeneyo Namibia inali m'manja mwa boma latsankho la South Africa. Anthu a ku Tsumkwe anali atalandidwa kale malo ambiri osakako nyama. Ankavala zovala za m'sitolo, ambiri ankadalira ufa wa boma, ndipo amuna ankalembedwa usilikali pankhondo yolimbana ndi SWAPO. Filimu ya John Marshall yotchedwa N!ai, ya chaka chomwecho, imaonetsa Tsumkwe weniweniyo. Uys adangomuveka munthu chikopa n'kuuza dziko lonse kuti kumeneko kulibe ndalama, kulibe mavuto. Boma latsankho likadafunanso chiyani?

Filimuyo idapanga mamiliyoni ambiri a madola, makamaka itafika ku America. N!xau adalandira zochepa kwambiri. Ena amafotokoza zimenezi moseka, ati sankadziwa ntchito ya ndalama. Ine ndimaona kuti amene ankaidziwa ntchitoyo ndiwo ayenera kufunsidwa.

Komabe sindikufuna kumusandutsa wongomvetsa chisoni, chifukwa luso anali nalo. Taonaninso mmene amayang'anira botolo lija, osalankhula mawu omwe inu mungamve, koma mukudziwa zonse zomwe akuganiza. Pa gawo lachiwiri la mu 1989 adakambirana malipiro abwinopo. Kenaka adasewera m'mafilimu a ku Hong Kong, monga Crazy Safari ya mu 1991.

Atatero adabwerera kwawo. Adamanga nyumba ya njerwa, n'kumalima chimanga, maungu ndi nyemba, komanso kuweta ng'ombe. Adamwalira mu Julaye 2003 ali kutchire pafupi ndi Tsumkwe, atadwala chifuwa chachikulu cha TB.